Mlamu wanga atayamba kugawa katundu wake

Lolemba lapitali ndinapatsidwa njinga. Inde, njinga yathunthu, yakuda, yochokera ku Joni. Wondipatsa anali mlamu wanga a Dikisoni, amuna a mlongo wanga Esinati, amene akukhala chikamwini kwathu ku Kasinje.

"Tengani alamu," anatero. "Inu mumayenda maulendo. Ine ndikupitanso kuti?"

"Ha! Mwayamba liti kuolowa manja, inu omana ndi pampu yomwe?" ndinawaseka. Iwo anangomwetulira n'kuyamba kutsokomola, chifuwa chija anabwera nacho kumigodi.

Ndinapalasa ndikuimba mluzu. Mukanakhala inu mukanakana? Kwathu kuno wochokera ku Joni amagawa: bulangete kwa apongozi, chipewa kwa amalume. Tinakula tikuziona, ndipo kukana mphatso yotere ndi chipongwe. Ndiye a Dikisoni atapereka chikhoti chawo kwa mkulu wa mpingo, wailesi kwa mphwawo, mudzi wonse unati Mulungu wawakhudza mtima. Palibe anakumbuka kuti kugawa kuja kumachitika sutikesi ikangotsegulidwa, osati munthu atatha zaka pamudzi, nsapato za ku Joni zitang'ambika kale.

Lachitatu Esinati anatulukira kwanga wapansi, mwana kumsana. Mpando anaukana.

"Achimwene, kabwezeni njinga ija."

Anali akuchokera kusikelo ya ana. Akuti atatha kuyeza ana, mayi mlangizi wa zaumoyo anawakhazika pansi azimayi n'kuyamba nkhani yomwe sitiitchula masana, ya anthu odzipha. Anawauza kuti munthu akayamba kugawa zinthu zomwe amazikonda, kukana chakudya, kuyankhula ngati akutsazika, musamuyamikire. Mufunseni, osazungulira, pakuti kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, mankhwala a thonje kasungitseni kwa mnansi, ndipo bwerani naye kuchipatala.

"Ine mkazi ndingawafunse bwanji? Adzati ndikuwafunira imfa," anatero Esinati. "Inu ndi mlamu wawo, mumanyozana tsiku lililonse. Kwa inu amva."

A Dikisoni ndinawapeza pakhonde, akuyang'ana kumunda komwe anzawo ankagalauza. Abale, ndayankhulapo pamaliro ndi pamaukwati, koma lilime silinandilemerepo chonchi.

"Alamu, lero sindinabwerere nthabwala. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndalakwitsa. Kenako iwo anati, "Mkamwini wosalima ndi wa chiyani? Ndikangokweza khasu mpweya watha. Mlongo wanu akulima yekha, apongozi akuona. Ine ntchito yanga ndi kudya thukuta la eni mudzi."

Analira bambo wamkulu uja. Nanenso ndinalira, sindibisa.

Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Ndikakhala pansi ndikufuna kuima, ndikaima sindikudziwa kopita. Ndikungowerenga m'mutu amuna a m'midzi yathu amene anabwerako kumigodi ndi chifuwa, kapena ndi zala zoperewera, n'kukhala phee pakhonde. Timati ndi ofatsa. Ofatsa ndani?

Mayi mlangizi uja Mulungu amudalitse. Koma tandiuzeni, kusikelo ya ana kumapita mwamuna? Uphungu wabwino chonchi ukuperekedwa pakati pa matewera ndi kulira kwa makanda, pomwe ofunika kuumva ali pabawo, kudipi ya ng'ombe, pamsika wa thonje ku Bwanje, ena pamowa. Za zimbudzi alangizi amatilondola mpaka kuseri kwa nyumba, kusuzumira ngati dzenje lili ndi chivundikiro. Bwanji nkhani iyi osailondola nayo pamene amuna amakhala? Bwanji abusa osaitchula paguwa? Iwo amaidziwa bwino, pajatu ndi iwo amakana kuimbira nyimbo maliro otere, ife n'kukwirira mwachangu, n'kubwerera tikunong'onezana ngati taba mbuzi.

Palinso mantha ena. Nditati tiyeni kuchipatala, a Dikisoni anandigwira mkono. "Sakandipereka kupolisi?" Tonse tikudziwa kuti woyesa kudzipha ali ndi mlandu. Lamulo sindikulitsutsa ine, ndine ndani? Ndikungonena kuti mantha amenewa akutsekera anthu m'nyumba, mabanja n'kumati ndi malungo. Dokotala wa pachipatala chathu chaching'ono anawauza poyera kuti maganizo otere si mlandu, ndi kudwala, ndipo wodwala sanjatidwa. Anacheza nawo nthawi yaitali chitseko chili chotseka, anawayeza chifuwa, n'kutiuza kuti tibwerenso. Mawu omwewo akanamveka pamsonkhano wa mudzi, angabwere angati?

Sindikunena kuti mlamu wanga wachira. Usiku akugona ndi mphwawo m'nyumba, masana Esinati akuwatenga kumunda kuti azikhala pamthunzi n'kumasankha mbewu. Apongozi awo nawo tawayankhula, ndipo anagwira pakamwa, akuti iwo ankangowayang'ana chifukwa cha chisoni. A Dikisoni tikuyenda nawo tsiku ndi tsiku, ndipo ndili ndi mantha.

Pochokera kuchipatala kuja tinapuma pamlatho, chifuwa chitawagwiranso. Ndinawafunsa chifukwa chake sanauze munthu.

"Ndinauza, alamu," anatero. "Ndinalowa nyumba ndi nyumba, chinthu m'manja. Ndinkati mwina wina andifunsa kuti bwanji. Aliyense anaomba m'manja n'kuti zikomo. Ndiye ndinati basi, onse avomereza kuti ndizipita."