Dzimbiri pa Sitandi ya Maiki

Ntchito ya zokuzira mawu ndinaipeza pamaliro, ndipo sindinkaifunafuna. Nthawi imeneyo ndinali nditangobwerera kwathu ku Mitundu kuchokera ku Nathenje, kumene ndinakhala pachikamwini zaka zambiri. Mkazi wanga Esinati atamwalira, akuchikazi anandisudzula. Amene analankhula tsikulo anali a Yohane, malume ake a malemuwo, eni mbumba. Ananena mwaulemu ndithu kuti ndine womasuka, ndikayambe moyo wina. Munda ndinausiya. Nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake ndinaisiya. Mwana wathu wamkazi, Tadala, anatsalanso, pakuti mwana ndi wa kwa amake. Apongozi anga, a Naphiri, anali pamphasa kumbuyo pamodzi ndi amayi ena, mutu uli pansi. Sananene kanthu. Ndinachoka ndili ndi mtima woti onse anagwirizana zondichotsa.

Ku Mitundu makolo anali atatha kale, ndipo munda wa mayi ankalima alongo anga ndi amuna awo. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu.

Pamaliro ndikunenawo masipika anangoti zii abusa ali pakati pa ulaliki. Mwini zida, a Binwelo, ankazungulirazungulira thukuta lili kamukamu. Ine ndinali nditaona waya woduka pamene amayi ankadutsa ndi ndowa. Ndinausenda ndi mano n'kuulumikiza. Maliro atatha a Binwelo anandiitana. "Mawa mubwere," anatero. "Kunyamula n'kwambiri, malipiro ndi ochepa."

Zida zake zinali jenereta yaing'ono, ampu yokuzira mawu, masipika awiri aakulu, sipika ya honi imodzi yomangirira pamtengo, mawaya, maiki awiri ndi sitandi imodzi yachitsulo yoimikapo maiki. Anandiphunzitsa dongosolo lake. Jenereta imakhala patali, kumene mphepo ikulowera, kuti utsi ndi phokoso zisabwerere kwa anthu. Usanailize, yang'ana oyilo. Masipika amakhala kutsogolo kwa maiki, kuyang'ana khamu. Ukawaika kumbuyo amaliza likhweru lobaya m'makutu. Ampu umaiyatsa pomalizira, n'kuizimitsa poyambirira. Waya wodutsa panjira umaukwirira ndi dothi. Zikatha izi umakhala pambali pa ampu, chala chili pa kotembenuzira mawu, mpaka mwambo uthe. Lamulo la a Binwelo linali limodzi: ife tilibe mbali, mawu ndi a eni ake, ife timangowakuza.

Inali ntchito yondiyenera. Paukwati anthu amavina iwe uli chikhalire. Chakudya amakukumbukira mbale zitayamba kutsukidwa. Umakhala pakati pa anthu ambirimbiri popanda wokuona, ndipo ine ndinali nditazolowera kale zimenezo.

Sitandi ija inali ndi kanati pakati, kokwezera ndi kutsitsira. Chiyambire ntchito sindinaone munthu akukagwira. Inangokhala pamsinkhu wa pakamwa pa bambo woimirira, ndipo abambo aafupi ankangopendeketsa maiki pang'ono. Amayi sankaimapo. Mayi akaitanidwa kuti apemphere kapena anene za amayi anzake pamaso pa mafumu, ankagwada. Pamenepo ntchito yanga inali kuzula maiki pasitandi, kugwada pambali pake, n'kumugwirira pakamwa, pakuti manja ake amakhala akuomba mwaulemu. Anyamata a kabaza pa Mitundu ankandiseka nazo. Ankati mkamwini sataya luso, kugwada anakakuphunzira ku Nathenje.

Pogwadagwadapo ndinazindikira kanthu. Munthu wogwada amalankhulira pansi. Akumbuyo amamva mawu koma mwini wake samuona, ndiye amayamba nkhani zawo. Chonsecho zimene amayiwo ankanena sizinali zazing'ono: mjigo wofa miyezi, atsikana osiyira sukulu panjira, kamlatho kamene madzi amakakokolola chaka ndi chaka, amayi oyembekezera n'kumazungulira kutali popita kuchipatala. Wapampando ankangoti tamva amayi, n'kuitana wotsatira. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Pachikamwini, pabwalo la banja, nanenso ndinali wa tamva.

Chinafika chaka cha chisankho, ntchito inachuluka. Tinkayenda Mitundu, Malingunde, mpaka ku Diamphwe. Kulikonse amayi ankabwera pamalole kudzavina atavala nsalu za nkhope ya bambo wopikisana. Akavina ankakhala pansi padzuwa, abambo n'kuyamba kulankhula.

Tsiku lina a Binwelo anandiuza kuti Loweruka kuli chisankho chachipulula cha khansala wa chipani china, pasukulu ina kufupi ndi Nathenje. Atatchula dzina la sukuluyo ndinaizindikira. Ndi pamene Tadala ankaphunzira, ndipo chichokereni ndinali ndisanapondeko. Opikisana anali awiri: a Mbewe, ogula mbewu, amenenso anabwereka zida zathu, ndi mayi Nankhoma, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anamuphunzitsapo Tadala. A Binwelo anali ndi malungo, choncho ndimayenera kupita ndekha. Anandilangiza ali pamphasa. Anati mayiyo akaitanidwa ndiwagwirire maiki pansi monga mwa masiku onse, mafumu asakhumudwe. A Mbewe anali atalonjeza kutibwereka mpaka chisankho chachikulu. "Mukawakhumudwitsa, ine ndi inu tasiyana," anatero.

Amene sanaoneko chipulula cha kumudzi adziwe kuti sipakhala pepala. Opikisana amaima kutsogolo atafulatira anthu, ndipo ovota amandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Zonse zimachitika poyera. Mwamuna amaona pamene waima mkazi wake. Mwini mbumba amaona pamene yaima mbumba yake.

Ndinafika m'mawa, kunja kukutentha kale. Jenereta ndinaiika kuseri kwa kalasi, honi pamtengo wa mango, masipika mbali iyi ndi iyo. Anthu atayamba kusonkhana ndinawaona a Yohane pamipando ya kumbuyo kwa mafumu. Anangogwedeza mutu, inenso ndinagwedeza. Apongozi anali pakati pa amayi pansi pa mtengo. Tadala sindinamuone.

A Mbewe analankhula poyamba, nthawi yaitali, anyamata awo akuimba malikhweru. Kenako woyendetsa mwambo anaitana mayi Nankhoma. Anali mayi wamfupi, wa imvi zoonekera m'mphepete mwa duku. Anayamba apita pamaso pa mafumu, anapinda maondo, anaomba m'manja, anawalonjera bwinobwino. Pofika pasitandi, ine ndinali nditazula kale maiki, bondo limodzi lili pansi.

Anandiyang'ana. Analankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Dzukani, bambo a Tadala. Bwezerani maikiyo pamalo pake, mutsitse chitsulochi."

Ndikanatha kuwauza kuti sitandiyo siitsika, ndipo sindikananama. Mawu a Binwelo ndinkawakumbukira bwino. Koma chichokere ku Nathenje panalibe anali atandiitanapo ndi dzina la mwana wanga. Ndinadzuka, ndinabwezera maiki, n'kugwira kanati kaja.

Sikanatembenuke. Dzimbiri linali litakamata kolimba. Ndinatenga pulayala m'thumba la zida, inangoterereka. Anthu anayamba kuseka. Mnyamata wina anakuwa kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, anzake n'kumubwereza. Wina anati mkamwini wabwerera kudzagwira ntchito ya apongozi. Woyendetsa mwambo anandinong'oneza kuti nthawi ikutha, mayiwo angogwada ngati anzawo. Ndinapita kuseri kwa kalasi, ndinatenga kabotolo ka oyilo wa jenereta, n'kudonthezera pakanatipo. Ndinayamba kukagogoda ndi sipanala. Ndinali nditaiwala kutsitsa mawu pa ampu, ndiye kugogodako kunkamveka m'masipika ndi muhoni ngati munthu akukhoma bokosi. Anthu anaseka kwambiri, kenako kuseka kunayamba kuchepa, chifukwa mayi Nankhoma sanasunthe. Anaima manja atagwirana kutsogolo, akuyang'ana khamulo mmodzimmodzi, monga ankachitira ndi kalasi laphokoso. Ambiri mwa osekawo anali atadutsa m'manja mwawo.

Kanati kanalola. Dzimbiri linayoyokera m'manja mwanga, chitsulo chinatsika, ndinachimanga pamsinkhu wa pakamwa pawo. Ndinabwerera pa ampu. Mawu ndinawasiya pamene anali polankhula a Mbewe, osakweza, osatsitsa.

Mayi Nankhoma sanatalikitse. Anati sanabwere kudzalanda mpando wa bambo aliyense pakhomo pake. Anati wotunga madzi ayenera kukhalapo pokambirana pamene mjigo ukumbidwe, ndipo amene anaperekezapo mwana wake woyembekezera mtsinje utadzaza ndi amene akudziwa kumene mlatho ukufunika. Anamaliza motere: "Mwativinitsa zaka zonsezi, ndipo tavina. Lero mwatimva tili chiimire. Mukafuna kukana, kanani zimene mwamva."

Inakwana nthawi yondanda. Awiriwo anaima atayang'ana khoma la kalasi. Abambo anathamangira kwa a Mbewe. Amayi anadzuka, anakung'untha fumbi kuzitenje, n'kuyamba kuyang'ana kumene kunali amuna awo. Ambiri analowera komweko mitu ili pansi. Ena anakhalanso pansi pa mtengo ngati kuti sakuvota. Kumbuyo kwa mayi Nankhoma kunali bwalo lokhalokha. Lamulo silinkawalola kucheuka. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkaona khosi lawo litauma, akumvetsera mapazi amene sankabwera. Ine sindinali wa chipanicho, sindikanatha kuimapo. Sindinaonepo munthu ali yekha chotero pakati pa anthu ochuluka chomwecho.

Ndiye ndinaona apongozi akudzuka. Mwendo wawo wakumanzere unkawavuta kuyambira kale. Anadutsa pabwalo pang'onopang'ono, okha, n'kudzera pafupi ndi pamene anaima a Yohane, pamzere wa a Mbewe. A Yohane anawaitana kuti mzere ndi uno. Sanacheuke. Atafika kumbuyo kwa mayi Nankhoma anawagwira pamsana ndi chikhatho, kuti adziwe kuti pali munthu. Khosi lija linamasuka. Amayi ena a pansi pa mtengo anadzuka n'kutsatira, kenako mkulu wa mpingo wina, kenako abambo owerengeka. Mzere unakhalapo, koma unali waufupi. A Mbewe anapambana kutali.

Anthu atabalalika ndinayamba kufukula mawaya. Ndikukulunga, ndinamva munthu waima chapatali. Anali apongozi. Anaima chammbali monga amachitira ndi mkamwini, maso ali kusipika imene inali pansi, ndipo analankhula ngati akuuza sipikayo. Anati Tadala ali bwino, watalika, amafunsa.

"Tsiku lija ine ndinkafuna mukhale, mulere mwana wanu," anatero. "Palibe anandifunsa. Ndinali pamphasa."

Waya umene ndinali nditakulunga ndinaumasula n'kuyambiranso. Iwo anawonjezera kuti Lamulungu ndibwere ndidzamuone mwana, ndifikire kwa iwo, osati kwa a Yohane. Anatembenuka n'kumapita, akukoka mwendo uja.

Lolemba a Binwelo anali atamva kale zonse. A Mbewe anawaimbira foni kuti apeza zida zina. A Binwelo sanandikalipire. Anangoti anandichenjeza, ndipo ndinavomera kuti anandichenjezadi. Ndinawapatsa thumba la zida, ntchito n'kuthera pomwepo. Mvula ya chaka chimenecho ndinaidutsa ndi maganyu a pachigayo, kusenza matumba ndi kusesa gaga, m'kachipinda komwe kaja. Kusiyana kwake kunali kwakuti Lamulungu ndinkakwera njinga kupita ku Nathenje.

Papita zaka. Lero ndili ndi tizida tanga, ampu yogula kwa munthu ndi masipika awiri. Amayi akamakonza msonkhano wolimbikitsana kuti aimire ukhansala kapena ukomiti wa sukulu, amandiitana, ndipo ndimapita. Anzanga ena amati ndinadya za mabungwe. Sindilimbana nawo. Aliyense amene amayenda nawo amayiwa ali ndi chifukwa chake. Ena ndi mjigo, ena ndi mwana wamkazi amene anasiyitsidwa sukulu. Changa ndi ichi: ndinatha nyengo yaitali ndikusungira chakukhosi mayi amene ankafuna ndikhale, ndipo mwana wanga anakula wopanda bambo, chifukwa tsiku loweruza nkhani yathu mawu a mayiyo analibe potulukira. Mayi akatsekedwa pakamwa, sapwetekeka yekha.

Mayi Nankhoma sanakhalepo khansala. Apongozi anamwalira dzinja lapitalo, ndipo pamaliro awo zida zinali zanga. Itafika nthawi yoti adzukulu alankhule, a Yohane, amene tsopano akalamba, anayang'ana uku ndi uku kufuna mnyamata. Amene anadzuka anali Tadala. Kanati ndinali nditakathira oyilo m'mawa, monga ndimachitira ndisanapite kulikonse. Ndinayang'ana msinkhu wake, ndinatsitsa chitsulo ndi zala ziwiri, n'kubwerera pa ampu kukakhala.