Kaundula wa a Medson

A Medson Kamwaza anabwera ku Mgona kuchokera ku Dowa ali mnyamata, n'kupeza ntchito ku Kanengo yolemba manambala pa mabelo a fodya. Ntchitoyo inali ya miyezi isanu pachaka, koma iwo ankadzitcha kalaliki chaka chonse. Ndinakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi ziwiri, khomo langa kuyang'anizana ndi lawo, ndipo sindinawaonepo atagwira khasu kapena kunyamula mwana, ngakhale wawo yemwe. Chimene ankanyamula chinali chikwatu cha mapepala m'khwapa.

Itatha njala ya 2002, kunabwera anthu a boma kudzanena kuti dera lathu likhale ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ife a maganyu ndi ogulitsa tomato nthawi ya misonkhano tinalibe, ndiye mpando unagwera munthu amene anali ndi jekete. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Medson linafa, anakhala a Tcheya. Ukawapatsa moni woiwala utcheyawo, ankayankha ngati dzino likuwawawa.

Zaka zinayi anakhala akupita kumaphunziro kuhotela m'tauni, masaya n'kumadzadza. Kenaka anatiitana kubwalo la tchalitchi kuti atiwerengere pulani. Madzi akasefukira, a Tcheya adzaliza wezulo. Mutu wa banja aliyense adzatsogolera banja lake kusukulu ya kumtunda. Thandizo lidzaperekedwa potsata kaundula wa mitu ya mabanja. Anawerenga pang'onopang'ono, akutiyang'ana pamwamba pa magalasi kuti aone ngati tikugoma.

Mayi Nafisa, telala wa ku Mangochi amene ankasoka pakhonde pafupi ndi mpopi, anakweza dzanja.

"A Tcheya, mitu ya mabanjayo masana imakhala ili kuganyu. M'nyumbamu mumatsala ana okhaokha. Madzi akabwera dzuwa lili paliwombo, adzawatsogolera ndani?"

A Tcheya anamwetulira ngati akulankhula ndi wodwala. "Mayi, izi anakonza ndi anthu ophunzira. Mwana si nkhani yapayokha. Mwana ali kumsana kwa mayi ake. Mukathandiza mayi, mwana mwamuthandiza kale."

"Nanga amene alibe womuberekayo?"

"Funso limenelo tikalitula kwa akuluakulu," anatero, n'kutseka chikwatu.

Mu Januwale 2007 mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Tsiku lachinayi inachita ngati yakata, anthu n'kubalalika kukasaka chakudya. Cha m'ma 11 m'mawa kamtsinje ka kumunsi kwathu kanadzadza ndi madzi ochokera kumtunda, n'kulowa m'makomo. Nyumba za zidina, zimene zinali zitamwa kale madzi, zinayamba kukhala pansi imodziimodzi. Wezulo sinalire. Inali itakiyidwa m'kabati, mwini wake ali kutauni kukasiya lipoti.

Mayi Nafisa ndiwo anatola chitsulo n'kuyamba kumenya chidebe. Tinasonkhana amayi asanu ndi awiri ndi bambo mmodzi wodwala mwendo, n'kumalowa nyumba ndi nyumba madzi ali m'mawondo. Ana ena tinawapeza atakwera pabedi, ena akusewera ndi madziwo pakhomo, wina atadzitsekera m'kati chifukwa mayi ake anamuuza kuti asatsegulire munthu. Pofika masana tinali titakweza ana oposa makumi anayi kusukulu. Palibe amene anamwalira. A Tcheya anafika cha m'ma 4, nsapato zili m'manja, n'kunena kuti akuthokoza kuti pulani yayenda bwino.

Patatha masiku awiri lole ya thandizo inabwera. Munali chimanga chosagaya, nyemba, ndowa, mapepala apulasitiki ndi bulangete limodzi pa banja. Cha phala la ana munalibe, sopo munalibe. A Tcheya anakhala patebulo la aphunzitsi n'kumaitana maina.

Pamzere panali Salama, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu. Bambo ake anamwalira kale, mayi ake anatsatira chaka cham'mbuyo, ndipo iye ndiye ankalera azing'ono ake awiri pogulitsa zitumbuwa. Nyumba yawo inali m'gulu la zoyamba kugwa. Anaima padzuwa mpaka maina anatha, mng'ono wake Zaki ali kumsana.

"Abambo, dzina lathu simunaitane."

"Mutu wa banja lanu ndani?"

"Ndine."

"Iwe si mutu wa banja. Fomu ikuti zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo. Kaitane wamkulu."

"Kulibe."

"Ndiye pamenepo ine nditani? Ndilembe banja lopanda mutu?"

Amenewatu ankawadziwa bwino anawo. Pamaliro a mayi a anawo anakhalapo, kutsogolo, pampando. Matumba awiri anatsala, ndipo anawabweza pa lole kuti kaundula agwirizane ndi katundu. Ife tinatapa mbale imodziimodzi m'matumba athu, a Nafisa n'kuwatenga anawo kukagona nawo pakona pawo m'kalasi momwe tinkagona.

Zimbudzi za pasukulupo zitadzadza, a komiti anakumbitsa china kuseri, n'kuyalapo mitengo yotalikirana bwino, ya muyeso wa a Tcheya eni ake. Mwana wa zaka zinayi akasuzumira pansi ankabwerera akulira. Ana anayamba kudzithandiza kuseri kwa makalasi, ndipo sabata isanathe matenda otsekula m'mimba analowa. Zaki, wa zaka zitatu, maso analowa m'kati. A Nafisa anamubereka wapansi mpaka kuchipatala, kumene anakhala masiku anayi pa diripi. Titawauza a Tcheya za chimbudzicho, anati vuto ndi amayi a masiku ano osaphunzitsa ana ukhondo.

Kenaka kunamveka kuti kukubwera alendo a boma ndi a mabungwe. Apo ndiye a Tcheya anawakumbukira ana. Anawasonkhanitsa onse, kuwaphunzitsa nyimbo yothokoza, ong'ambika zovala kwambiri kuwaika kutsogolo kuti chithunzi chikome. Salama anamusankha kuti alankhule m'malo mwa ana amasiye, n'kumuloweza mawu masana onse.

Magalimoto atatu oyera anafika. Ana anaimba. Salama anaima kutsogolo, mawu onse olowezawo atathawa.

"Ife sitinalembedwe," anatero. Basi.

Mayi wina wa m'gulu la alendo anatembenukira kwa a Tcheya. Iwo anatsegula chikwatu, n'kuonetsa ndi chala kuti fomu ilibe mpata wa anthu otere, ndipo fomuyo sanapange ndiwo. Mayiyo anayang'ana fomu ija, imene inachokera ku ofesi yawo yomwe, n'kugwedeza mutu, n'kulemba kanthu m'kabuku. Anati akaziona. Anajambulitsa ndi ana, n'kukwera galimoto. Madzulo ake a Tcheya anamukalipira Salama kuti wachititsa manyazi dera lonse.

Thumba la Salama silinabwere. Patatha mwezi anatichotsa pasukulu kuti maphunziro ayambenso, koma iye sanabwerere m'kalasi, poti makope ndi yunifolomu zinapita ndi madzi. A Nafisa anamusunga ndi azing'ono akewo, n'kumuphunzitsa makina. Lero amasoka yekha ku Area 25.

A Tcheya anakhalabe a Tcheya. Chaka chotsatira kunabwera fomu yatsopano, yokhala ndi mpata wolembamo ana a m'nyumba iliyonse ndi zaka zawo. Anadandaula kuti boma likungowonjezera anthu ntchito. Kuyenda khomo ndi khomo m'matope a ku Mgona anakuona ngati kudzitsitsa, ndiye anatulutsa mpando pakhonde pawo, ine ndikuona, n'kudzadza fomu yonse tsiku limodzi. Nyumba iliyonse anaipatsa ana atatu. Ine wa ana asanu anandipatsa atatu. A Shehe a kumzikiti wa kumunsi, amene mwana wawo wotsiriza anali ndi ndevu kale, anawapatsanso atatu, mmodzi wa miyezi isanu ndi umodzi.