Kambendera Kachitatu

Amuna anga anagwira ntchito yoyeza malo zaka zambiri ku Dedza, munthu wa mapu ndi kampasi. Ndiye matenda oiwalaiwala atawagwira kuno ku South Bend, ku America, ine ndinakana kwamtuwagalu. Mwana wathu wamkazi, amene amakhala ku Indianapolis, anali atawapezera kale malo kunyumba yosamalira okalamba ku Beech Grove, kungotsala kuti ine ndisaine mapepala. Ndinamukalipira pafoni mpaka mawu kusasa. Ndimagwira ntchito m'nyumba zoterozo ine, asandiuze mwana wadzulodzulo.

Kuntchito komweko ndinamva za kalabu ya masewera otchedwa orienteering. Amakupatsa mapu, kampasi ndi kakhadi, n'kukusiya m'nkhalango ya paki kuti upeze timbendera tobisika motsatira manambala, uzidinda kakhadiko pa kalikonse. Lamulo lake, osafunsa munthu njira. Ndinati basi, apa ndiye pawo. Tinapangana ndi mwanayo kuti abambo ake akamaliza okha njira ya ongoyamba kumene, timbendera tisanu, akhala pakhomo. Anavomera m'Chingerezi chake chija, ndi mawu ondimvera chisoni omwe ndimadana nawo.

Tinkayeserera Loweruka lililonse, ine ndili pambali pawo. Manja awo ankakumbukira, inu! Ankatembenuza mapu kuloza kumpoto osaganiza n'komwe, azungu a m'kalabumo mpaka kugwedeza mitu. Pobwerera ndinkayimba m'galimoto ngati chitsiru.

Tsiku lake kunazizira, masamba atayoyoka. Ananyamuka okha. Ine ndinabera, ndivomere: ndinkawatsatira chapatali ndikubisala kuseri kwa mitengo, mayi wamkulu ngati ine. Kambendera koyamba anakapeza. Kachiwiri anakapezanso. Mtima wanga unali m'mwamba.

Kachitatu kanali m'kachigwa. Anafika pomwepo, kambendera kali pamphuno pawo, n'kuima. Anapinda mapu bwinobwino, kuika m'thumba la jekete, n'kuyamba kudikira. Kwathu ukasokera suyang'ana pepala, umadikira wodutsa. Mtsikana wina anadutsa akuthamanga, iwo anavula chipewa n'kumulonjera. Mtsikanayo anangomwetulira, ulendo. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinapsa mtima ndi anthu osalakwa, ndinkafuna kuwagenda.

Ndinapirira mpaka zala kuuma ndi chisanu, kenako ndinatulukira.

Anandivulira chipewa. "Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu abambo?" Mawuwo anangotuluka okha.

"Pepani ndakuimitsani. Ndikufuna njira ya kwathu. Ndachedwa, akazi anga ayamba kuda nkhawa."

Ndikanatha kuwalanda kakhadi kaja, kukadinda ndekha pa timbendera totsalato, n'kukanamiza mwana. Ndinaganizadi zimenezo, Mulungu andikhululukire. Koma mawa lake bwanji, ine ndili kuntchito, iwo ataima pamsewu wa magalimoto chipewa chili m'manja? Ndinati, "Tiyeni ndikuperekezeni, nanenso ndikulowera komweko."

Njira yonse ankandiuza za akazi awo, kuti ndi aukali zedi koma salola munthu awavutitse. Ndinkangoti eya, eya, misozi ikulowa m'kamwa.

Mwana wathu ankatidikira pothera mpikisano atagwira makapu awiri a khofi. Anationa tikutuluka m'nkhalango tili awiri. Abambo ake anandithokoza ndi manja awiri chifukwa chowaperekeza. Ine ndinangofunsa mwanayo kuti, "Mapepala aja uli nawo m'galimoto?"