Batani Limene a Chisi Sankalikhudza

A Bennet Chisi anagwira ntchito zaka makumi awiri pansanja yoyang'anira moto m'nkhalango ya paini ku Viphya. Zida zawo zinali maso ndi wailesi ya mauthenga basi: akaona utsi, aitane anzawo pansi.

Tsiku lina m'chilimwe wailesiyo inasokosa mpaka mutu kuwawa, iwo n'kuitsitsa. Pang'ono chabe. Nthawi yomweyo mnzawo wozimitsa moto, Golden Shaba, ankaitana pa wailesi atazingidwa ndi malawi kuchigwa. Mtembo wake anaupeza mawa lake.

Atapuma ntchito anakhazikika pa Boma, nagula wailesi yakale yomvera anthu ocheza pa mafunde akutali, waya wake n'kumangirira kumtengo wa mapeyala. Mabatani ankawadziwa ngati zala zawo: lopanikiza mpata kuti siteshoni yoyandikana isalowerere, lina lodula kamluzu kolira m'makutu. Koma lochepetsa mphamvu ya mafunde olowa, ayi ndithu, sankalikhudza.

Kenako pafupi ndi kwawo panamangidwa mlongoti wa wailesi ina. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse, pamalo amodzimodzi pa wailesi yawo pankatuluka mawu a mwamuna, oduka-duka, ngati woitana ali m'chitsime.

"Ndi Golden," anauza mwana wawo Kezia, wokonza mafoni kumsika, atabwera kudzawaona.

"Adada, Golden wake uti? Mlongoti uwo ukuithira wailesi yanu mphamvu yopyola muyeso, ndiye ikudzipangira mawu pomwe palibe munthu. Dinani ili lochepetsa mphamvu. Mawu enieni amatsala, abodza amazimiririka."

"Nditsitsenso? Ineyo?"

"Mbwenu mukhala chonchi mpaka liti? Amama akuti chakudya chikumazizirira patebulo inu khutu lili apa."

A Chisi anayang'ana batanilo nthawi yaitali. Mawuwo akatsala, ndiye kuti Golden akuitanadi. Akazimiririka, ndiye kuti palibenso woti amuyankhe. Sanadziwe chimene ankachiopa kwambiri.

Anadina.

Phokoso lonse linagwa, mawu aja n'kupita nalo limodzi. Pansi pake panatuluka munthu wina wa ku Lusaka, akuuza mnzake za mvula, momveka bwino chomene.

"Mwaona?" Kezia anayamba kuseka, koma atawaona kumaso analeka.

"Ndaona. Yewo, mwana wanga. Pita, makasitomala akudikira."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, nadikira kuti kabaza amene anakwera akhote. Atabwerera anatseka chitseko, nabwezera batanilo m'malo mwake. Phokoso linadzazanso chipinda. Wailesiyo inalibe cholankhulira, koma anaweramabe pafupi.

"Shaba, ndine Chisi. Ndikukumva. Uli mbali iti?"