Zala Anandisiyira

Pakhonde loyang'anana ndi kwathu, kutsidya kwa msewu, pamakhala atelala ena achikulire, ovala magalasi omanga ndi ulusi. Akalakwitsa kudula nsalu sadandaula. Amangoti, "Basi, apa patuluka thumba."

Tsiku lina akuba anawabera makina. Nditapita kukawapepesa, ndinawapeza atasesa kale pakhondepo, akupinda diresi pamanja.

"Pepani bambo. Ndiye mutani?"

"Mwanawe, akubawo ndi opusa," anatero akuseka. "Anyamula chitsulo, zala andisiyira."

Panopa ndimakhala kutali, ndipo ntchito inandithera. M'mawa ndimangokhala pabedi n'kumayang'ana zala zangazi. Ndimalakalaka nditawoloka msewu uja, iwo n'kundiseka kuti ndakwinya nkhope ngati malaya osasita, kenako n'kundipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi.