A Hutala Ayeza Makabati

Mphekesera inalowa mumsewu mwathu kudzera pa golosale, pamene zimadzera zonse. Akuti akazi awo a Hutala ayamba kuyenda. Mlamu wake wa mayi wa pa golosalepo ndiye anawaona ku chipatala, ataima pa windo ndi miyendo yawoyawo. Ife tinaimva ndi khutu limodzi, poti mlamu ameneyu anaonaponso munthu amene tinamuika kale m'manda akupalasa njinga. Koma khutu linalo sitinalitseke. Nkhani yabwino siidutsa kawirikawiri kuno.

A Hutala anali dalaivala wa basi mpaka maso atawakana. Dzinali analitengera pakamwa pawo: akati "mwadzuka bwanji", ngakhale agalu a tsidya lina ankayankha. Moyo wonse anauthera pa chiwongolero, kutuluka m'nyumba kukali mbuu, kubwerako chakudya chili kale patebulo. Kukhitchini ankangodziwako chitseko. Ndiye sitiroko itawagwetsa mayiwo, mwana wawo wamkazi anawatengera ku chipatala cha kufupi ndi kwake, mbali ina ya tauni, n'kuwasiya bambowo ndi mapoto osadziwana nawo. Ulendo womaliza atapita kukazonda, mawu awo aja anadzidzimutsa wodwalayo mpaka kulira, mwanayo n'kuwauza kuti ayambe asiya kubwera.

Chinatsala ndi foni, ndipo funso linali limodzi: "Mayi ako abwera liti?"

Tsiku lina mwanayo anatopa nalo. "Adadi, amayi sangabwerere m'khitchini ija. Chilichonse chili pansi, m'kati mwenimweni mwa kabati. Sangagwadenso."

Iye ankangofuna kudula nkhani. Koma a Hutala mawu amawamva ngati chikwangwani cha pamsewu: chikati kumanzere, ndi kumanzere basi. Vuto ndi kugwada? Ndiye tichotse kugwadako. Mphekesera ija itawapeza, anaimbanso foni kuti atsimikize, mwanayo n'kungoti, "Tidzakamba ndikabwera." Sanati inde, sanati ayi. A Hutala anatolapo theka la inde, n'kuvala jekete, ulendo kwa kalipentala.

Kalipentalayo anawaonetsa shelefu yokoka, yoyenda pa tinjanji tiwiri ngati dilowa. Ukangoikoka, mapoto onse amabwera okha kudzakupatsa moni, iwe uli chiimire.

"Imeneyi!" anatero a Hutala, utuchi n'kuuluka pa benchi.

"Pang'onopang'ono, madala, sitili pa depoti. Tengani tepi iyi, mukayeze makabati anuwo."

Anakayezadi, mosamala ndithu, n'kubwerera nayo miyesoyo ali nyang'wa. Kalipentala anayang'ana manambala, anayang'ana mwini wake, kenaka anayamba kuseka mpaka kugwira benchi.

"Mwayeza kuti, madala?"

"Kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo. Ukufuna ndiyezenso denga?"

"Kunja?"

"Nanga chinthu amayeza kuti?"

Musawaseke kwambiri. Dalaivala chinthu amachiyeza kunja, galasi mpaka galasi, kuti aone ngati chidutse pa geti. Za m'kati ndi za kondakitala.

"Mwayeza kabati ngati basi," anatero kalipentala akupukuta misozi. "Ine ndikufuna m'kati, mokhala mapasenjala. Mutsekule chitseko, muyeze pakamwa pake, kuyambira pa hinji, chifukwa hinji imadya malo. Muyeze kutsogolo, muyezenso kumbuyo, poti makabati akale amapindika ngati eni ake. Kenaka kuya kwake, mpaka tepi igunde thabwa lakumbuyo. Pansi pa sinki musaiwale paipi."

"Ndiye kuti ndigwade?"

"Mugwade, madala. Simufa."

Anagwada. Mawondo analira ngati basi yokana giya. Anatsekula chitseko choyamba, fungo la sopo ndi thabwa lonyowa n'kuwalandira. Kuti tepi ifike kumbuyo anayenera kutulutsa zonse: mapoto olowetsana, zivindikiro zopanda mapoto, sefa yobooka, mbale za alendo zimene alendo sanadyerepo. Mkono unalowa mpaka phewa, tsaya litatsamira pa thabwa lozizira. Kumbuyo kwenikweni, mumdima, dzanja linagunda fulasiki yawo ya ku ntchito, ija ankaipeza m'mawa uliwonse itaima patebulo, tiyi ali wotentha. Sanadzifunsepo kuti imagona kuti. Apa ndiye anaona pogona pake, ndi mtunda umene akazi awo ankakwawa kuti akaitenge.

Anakhala pansi pomwepo, pakati pa mapoto, fulasiki ili m'manja. Kwa nthawi yoyamba agalu a mumsewu anapuma.

Kudzuka ndiye inali nkhani ina. Anagwira chitseko cha kabati, hinji n'kulira. Anagwira sinki, dzanja n'kuterereka. Potsiriza anakwawa ngati khanda mpaka pa mpando, akutukwana amene anapanga mawondo opanda sipeya. Manambala ena anawaiwala ali m'njira yokwawayo, ndiye anagwadanso. Maso aja nawo ankawanamiza, sikisi n'kumaoneka ngati eyiti, moti kalipentala anachita kubwera yekha kudzabwereza, akung'ung'udza kuti akanadziwa sakanawabwereka tepi.

Mashelefu analowa. Kunena zoona, anali okongola. A Hutala ankangowakoka n'kuwabweza, kuwakoka n'kuwabweza, ngati akuyeserera rivesi. Aliyense wodutsa pamsewu ankaitanidwa kudzaona poto akubwera yekha. Mayi wa pa golosale anati tsopano chatsala n'kusesa pakhomo basi, ndipo a Hutala anasesadi, tsache ataligwira ngati giya.

Mwana wawo anafika masana ena, yekha, atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu. Bambowo sanachione chikwamacho. Anamukokera kukhitchini asanakhale n'komwe.

"Koka apa. Koka, usaope! Waona? Mayi ako akangoima apa, dzanja limodzi lokha, osawerama, osagwada. Ya pansi pa sinki ndi yaifupi chifukwa cha paipi, koma nayonso imayenda."

Mwanayo anakoka. Shelefu inatuluka mwakachetechete, mapoto ali pamzere. Anaibweza pang'onopang'ono, dzanja n'kulisiya pomwepo.

"Mwachita kugwada nokha, adadi?"

"Kawiri konse! Ndiye unene, ndikonze tsiku liti? Poti ndamva ayamba kuyenda. Anawaona pa windo."

"Pa windopo anawaimika manesi, wina uku wina uku, kuti ayale bedi."

Apa ndiye a Hutala anachiona chikwama chija.

"Ndabwera kudzatenga zovala zawo zotsala," anatero mwanayo. "Zomanga mabatani kutsogolo, zosavuta kuwaveka ali chigonere."

Mayiwo sanayambe kuyenda. Dokotala anati sadzayendanso.