Makatani pa Bwinja la ku Madzimoyo

Nditalandira dipuloma ya kujambula zithunzi, ndinabwerera ku Chipata ndili ndi chikhulupiriro chakuti anthu adzandilemekeza chifukwa cha luso. Posakhalitsa ndinazindikira kuti ntchito yeniyeni ya wojambula m'tauni muno ndi kuseketsa makanda. Tsiku ndi tsiku ndinkagwada pasimenti m'kasitudiyo kanga, n'kumalira ngati mbuzi kufikira mwana atamwetulira kapena mayi wake atatopa nane. Pofuna kudzikumbutsa kuti ndine munthu wophunzira, Loweruka lililonse ndinkakwera njinga yamoto kupita kumidzi kukajambula nyumba zosiyidwa. Ming'alu ya m'zipupa, chiswe pamphuthu, udzu womera pakhonde, zonsezi ndinkazijambula zakuda ndi zoyera n'kuziika pa intaneti, kumene anzanga a kukoleji ankaziyamikira. Sindinapemphepo chilolezo kwa aliyense, pakuti m'maganizo mwanga nyumba zotere zinalibe eni.

Pakati pa makasitomala anga panali mayi wina wa ku Nabvutika, telala wosoka zovala za ana. Ankabwera ndi timasuti ndi timadiresi kuti ndizijambule, iye azionetsa ogula pafoni. M'mawa wina anafika atabereka khanda lake lalikazi, wopanda chovala ngakhale chimodzi m'manja. Anandilozetsa foni kumaso, ndipo ndinaona chithunzi changa chimene ndinkachinyadira koposa zonse.

"Akameramani, nyumba iyi mukuidziwa?"

"Kwambiri, mayi. Ili ku Madzimoyo. Taonani mmene kuwala kukugwera pamng'alupo."

"Mng'alu umenewo ndi wa kuchipinda kwa malemu amayi anga."

Ndinamupatsa mpando, ndipo anandifotokozera zonse. Chimwalirireni mayi ake, nyumbayo inatsala m'manja mwa iye ndi mlongo wake wamwamuna amene amagwira ntchito ku Kitwe. Telalayu ankamuuza mlongoyo pafoni kuti amapitako kawirikawiri ndipo zonse zili bwino, pamene zoona zake zinali zakuti makina osokera sankamupatsa mpata. Tsopano munthu wina anali atatumiza chithunzi changa ku Kitwe. Mlongoyo atachiona anagamula kuti adzabwera kudzasasula malata ndi zitseko zisanaonongeke, ndipo munda adzaubwereketsa kwa mlimi wa thonje. Popeza ndiye malume wa mwana ndiponso mwini mbumba, mawu ake sanali ofuna kuwapeputsa.

"Mwana wangayu ndi wamkazi," anatero. "Mukufuna akadzakula adzati kwawo ndi kunyumba ya lendi ku Nabvutika?"

Ine, monga munthu wozolowera kusanthula zifukwa, ndinayesa kumuonetsa kuti chithunzi sichibweretsa ming'alu. Olakwa enieni ndi mvula ndi chiswe.

"Mvula ndi chiswe sizili pa intaneti," anandidula. "Munaijambula ngati manda. Mupite mukaijambule ngati pakhomo pa anthu."

Lamlungu titaweruka ku Misa tinakwera minibasi ya ku Madzimoyo. Iye anabereka mwana, ine ndinasenza thumba lalikulu la makatani, zovala zosoka, tsache ndi mphika, kamera ikulendewera pakhosi ngati chinthu chongotsatira. Titafika, nyumbayo ndinaiona ili yokongola kuposa kale, pakuti chitedze chinali chitayanga pazenera. Ndinanena zimenezi mokweza, ndipo yankho lake linali khasu lobwereka kwa anansi.

Ndinapala zitosi za mbuzi pakhonde, ndinalambula bwalo, ndinathamangitsa mileme imene inandithamangitsanso. Iye anakanya dothi n'kumata ming'alu ing'onoing'ono, kenaka anakhomerera makatani pamazenera opanda magalasi. Tinamanga chingwe kuchokera pamtengo wa mango kufika pamzati, ndipo anayanikapo zovala zonse zimene anabweretsa, zatsopano, zosachapidwapo ndi kale lonse. M'kakhitchini kogumuka anasonkha moto wa masamba aawisi kuti utsi uoneke. Ndinapereka maganizo akuti tidikire dzuwa lipendeke, chifukwa kuwala kwa masana kumaumitsa nkhope za anthu.

"Dzuwa likapendeka ming'alu imaoneka?"

"Imaoneka bwino kwambiri."

"Ndiye jambulani pompano. Ndipo zikhale zamakaka. Zakuda ndi zoyera zija musungire maliro."

Panatsala mng'alu waukulu wa pambali pa chitseko, umene dothi silikanautseka. Apa ndiye maphunziro anga anagwira ntchito kwa nthawi yoyamba tsikulo. Ndinamukhazika pampando patsogolo pa mng'aluwo, ndinagwada pansi kuti duku lake libise mbali ya m'mwamba, ndipo mwana, atavala diresi loyera la ubatizo, anabisa mbali yotsala. Koma mwanayo anali atakwiya ndi utsi, ndipo khanda lolira silioneka ngati lili kwawo. Ndinalira ngati mbuzi. Mbuzi zenizeni, zimene tinazilanda khonde, zinandiyankha kuseri kwa nyumba, mwana n'kuseka. Chithunzi chimene chinatuluka chinali chowala mopyola muyezo, chodzaza ndi zinthu, cha mtundu umene aphunzitsi anga akanachibweza osachiyang'ana kawiri. Telala anachitumiza ku Kitwe nthawi yomweyo.

Foni inalira tili pamsewu kudikira minibasi yobwerera. Anaikweza mawu kuti nanenso ndimve.

"Iwe mlongo, kodi ana uli nawo angati? Pachingwepo ndikuona masuti a anyamata, madiresi a ana asukulu. Wabereka liti onsewa osandiuza ine malume wawo?"

"Ndimasokera konkuno, achimwene. Ndi za makasitomala."

"Makasitomala amachapitsanso kwa telala?"

"Ndimaziyanika kuti zichoke fungo la makina."

"Oho. Ndiye ukukhaladi pamenepo?"

"Nanga utsiwo simukuuona?"

Mlongoyo anati: "Chabwino. Ngati muli anthu, malata sindichotsa. Pa Khirisimasi ndikubwera ndi alamu ako ndi ana onse. Tidzagona m'chipinda cha amayi."

Foni itadulidwa, telala anandiyang'ana ngati kuti mawu amenewo ndawalankhula ndine. M'chipinda chimenecho munali chulu chofika m'chiuno.

Ndakhala ndikusinkhasinkha ngati mlongoyo ananamizikadi. Mbali imodzi, munthu amene anaona masuti pachingwe sakanalephera kuona kuti makatani akuuluka popanda galasi kumbuyo. Mbali ina, anali kutali, ndipo mwina ankafuna kukhulupirira. Sindinafike pa chigamulo, koma zotsatira zake zinali zofanana: bodza lathu linafunika kusanduka nyumba mvula isanakhazikike. Telala anasamutsira makina ake opalasa ndi mwendo ku Madzimoyo, mwamuna wake anagumula chulu n'kuumba njerwa, ndipo ine ndinauzidwa kuti Loweruka lililonse ndizibwera nditavala zovala zakale. Sindinafunsidwe maganizo. Ndinaphunzira kuti mng'alu, ukauyang'ana uli ndi ndowa ya matope pamutu, ulibe kukongola kulikonse.

Alendo a ku Kitwe anafikadi. Anagona m'chipinda cha malemu, ndipo mvula ya tsikulo inapeza bowo limene tonse sitinalione, n'kudonthera pamapazi a malume mpaka kucha. Nditafika m'mawa ndi kamera kuti ndijambule banja lonse, ndinapeza telala ataima pabwalo, mwana ali kumsana, nkhope ili gwa. Mlongo wake anali atatsamiritsa makwerero pachipupa, hamala ili m'manja.

"Achimwene, malata mukuwachotsa?" telala anafunsa motsitsa mawu.

"Ndichotse chiyani? Tandipatsa misomali. Anthu inu mumakhala bwanji m'nyumba yodontha chonchi?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu akameramani, ikani chinthucho pansi mundigwirire makwerero."

Ndinawagwira mpaka anamaliza denga lonse.